Kambuzi ka Pachifuwa

Munthu amene zipi sinamuferepo pagulu sangamvetse ulemu umene a Zipi ankalandira mumsewu uja. Ukhoza kukhala bwana wa ofesi yonse, koma zipi ya buluku ikakukana m'mawa, umayenda cham'mbali ngati nkhanu, chikwama utachigwirizira kutsogolo, mpaka ukafike pakhonde la sitolo ya penti pamene mayi ameneyu ankakhala ndi makina osokera. Dzina lawo lenileni linatsalira pa chiphaso. Ana asukulu, madalaivala, ngakhale amuna awo akafuna kuwaputa, onse ankangoti a Zipi.

Anali telala wa dzanja labwino, wotha kudula diresi atangomuyang'ana munthu kawiri. Ntchitoyi anaiphunzira kwa azakhali awo ali ndi zaka khumi ndi zinayi, sukulu itathera panjira. Azakhaliwo anali munthu wosadziwa kuyamika. Msoko ukakhota pang'ono, ankangobweza chovalacho pamodzi ndi lezala, osalankhula kanthu, iwe udziwe wekha kuti umasule uyambirenso. Ndiye a Zipi anakula akudana ndi ntchito yosalongosoka monga momwe ena amadanira ndi mbava. Koma masiku osoketsa madiresi anali atapita. Anthu ankagula zosokedwa kale zochokera kutali, n'kubwera nazo pakhonde paja kuti azifupikitse, azichepetse, kapena aikemo zipi ina chifukwa ya kufakitale yafa sabata isanathe. A Zipi ankayamba atembenuza chovala chilichonse, kuona mkati mwake, n'kupukusa mutu. Ankanena kuti zovala za masiku ano amazisoka ndi malovu.

Mwana anali naye mmodzi yekha, wamkazi. Paubwana wawo a Zipi anakula akuvala zosiyidwa ndi akulu awo atatu, moti diresi linkawafika litaiwala mtundu wake, ndiye analumbira kuti wawo sadzayenda mwamanyazi chifukwa cha chovala. Zidutswa zotsala pa nsalu za makasitomala zinkasanduka timadiresi ta makwinya ndi timatumba, ndipo kamwanako kankayenda mumsewu monse kakuuza aliyense, wofunsa ndi wosafunsa yemwe, kuti asoka ndi amayi. Zaka zimenezo a Zipi amazikumbukira mpaka lero, ndipo akamazisimba amasiya kupalasa makina.

Atakwanitsa zaka khumi ndi zitatu, mwana anayamba kutalika. Sikunali kukula kwabwinobwino ayi. Siketi yosokedwa kumayambiriro kwa teremu inkafika pamayeso itakwera pamwamba pa mawondo, ndipo nsapato zinkamuthina zisanadyeke n'komwe kuchidendene. Bambo ake, munthu wopenta nyumba za anthu, amene ovolosi imodzi inkawakwanira zaka zitatu, ndiwo anamutcha Nsungwi. Ankati mwana ameneyu ukakhala chete ukhoza kumumva akukula.

Mitengo nayo sinafune kutsalira. Ndalama imene chaka chatha inkagula nsapato ndi masokosi, chaka chino inkagula masokosi okha n'kutsala yokwerera basi. Phazi la Nsungwi linali litachoka kale ku saizi za ana n'kulowa za akuluakulu, kumene mtengo sufunsa kuti phazilo ndi la mwana wasukulu. Zimene a Zipi ankapeza pakhonde ndi zimene amuna awo ankabweretsa zinali ndi eni ake atatu, lendi, chakudya ndi sukulu. Zovala zinalibe mbale yakeyake, zinkangodya m'mbale za anzawo.

Komabe chimene chinawapweteka kwambiri a Zipi si mitengo. Nsungwi anasiya kuvala zosoka amayi ake. Sanachite mwamwano, pakuti anali mwana waulemu, mwina waulemu mopitirira muyeso. Ankalandira ndi manja awiri, kuthokoza, kupinda bwinobwino, n'kukaika pansi penipeni pa sutikesi. Atamupanikiza ndi mafunso, anayankha akuyang'ana pansi kuti diresi ndi lokongola ndithu, kungoti anzake amafunsa kuti ndi la kampani yanji.

Chaka chimene Nsungwi anakwanitsa zaka khumi ndi zisanu, ana onse a sukulu yake anapenga ndi jekete ina yakuda yokhala ndi kambuzi kodumpha pachifuwa cha kumanzere. Kambuzi ka ulusi woyera, kosafika ngakhale pa chala chachikulu. Miyezi yozizira sukulu inkalola ana kuvala jekete pamwamba pa yunifolomu, ndipo amene analibe kambuzi ankadziwika patali. A Zipi mtengo wake ankaudziwa bwino, chifukwa majekete amenewo ankagulitsidwa m'sitolo ya pakona ya bambo wina amene ankawatumizira mabuluku a makasitomala ake kuti awafupikitse. Bamboyo anthu ankamutchula a Sitichotsera, poti ukati achotseko pang'ono ankangoloza kapepala ka mtengo, n'kutembenukira kwa kasitomala wina. Jekete ya kambuzi inali ndalama ya lendi ya mwezi ndi theka. Bambo a Nsungwi atamva, anafunsa ngati kambuziko kamabereka, chifukwa mbuzi yamoyo, ya nyanga ndi mchira, inali yotsikirapo mtengo.

Nsungwi sanapemphe. Akanapempha, bwenzi a Zipi atamukalipira, kumukumbutsa za lendi, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma mwana wosapempha ndi wovuta kumukana. Tsiku lina m'mawa, kukuzizira kolowa m'mafupa, a Zipi ali m'njira yopita kukhonde anamuona patali pa siteji ya basi. Anamuona akuvula juzi imene iwo anamusokera ndi nsalu yochindikala, akuikankhira pansi m'chikwama cha mabuku, kenaka akukwera basi ndi malaya okhaokha, manja atawapinda pachifuwa. A Zipi anabisala kuseri kwa chikwangwani kuti asaonedwe, ngati olakwa anali iwo. Tsiku lonse misoko inkawakhotera.

Loweruka lililonse a Zipi ankapita kukaunjika, osati kukagula zovala zabwinobwino, koma zong'ambika ndi zopsa zimene ena onse akana. Zimenezo ankazigula pamtengo wozizira, kuchotsamo mazipi ndi mabatani, zotsalazo n'kukhala zigamba. Ndi m'mulu wotere momwe anapezamo kajekete ka khanda, kopsa ndi ayironi kumsana, koma kutsogolo kambuzi kali bwinobwino, kakudumpha. Lebulo ya pakhosi nayo inalipo. Anakagwira nthawi yaitali, moti wogulitsa anafunsa ngati akuyembekezera mdzukulu. Tsiku lomwelo anatsikira kumsika wa zogulitsa zambirimbiri, n'kupeza jekete yakuda yopanda dzina, yofanana kasokedwe ndi ija ya pakona. Zonse ziwiri pamodzi sizinafike ngakhale pa mtengo wa nsapato.

Ntchitoyo anaigwira masana atatu, Nsungwi ali kusukulu, nsalu ina ataiphimba pamiyendo kuti odutsa asaone. Kambuzi anakadula ndi lezala yatsopano, motsatira ulusi wake, n'kukakhazika pachifuwa ndi singano ya pamanja, timisoko tating'ono toti ngakhale azakhali aja sakanatipeza. Anapita dala kusitolo ya pakona kukapereka mabuluku, n'cholinga choti ayeze ndi maso kutalika kwa kambuzi kuchokera paphewa. Lebulo anaisamutsira pakhosi. Zonse zinatheka, kupatula zipi. Jekete yopanda dzina ija inali ndi kazipi kapulasitiki, ndipo atakakoka kawiri kanaluma nsalu. Munthu wina akanakasiya. Koma a Zipi analephera, manja awo anakana. Mwana wa a Zipi ayende ndi zipi yoluma? Anakamasula konse, n'kutulutsa m'chitini zipi yachitsulo imene anaichotsa m'chikhoti chakale chachikopa, imene ankaisungira kasitomala woyenera. Itakhala pamalo, inkayenda ngati yapakidwa mafuta. Kenaka anaisita jeketeyo, kuipinda, n'kuiika m'chikwama cha pepala cha sitolo ya a Sitichotsera, chimodzi mwa zimene mabuluku ankabweramo.

A Zipi anawauza zoona amuna awo, chifukwa iwowo ankadziwa kuti m'nyumbamo mulibe ndalama ya kambuzi. Bambowo anaseka mpaka kutsokomola, anayamikira luso, kenaka analangiza kuti mwana amuuze, aivale akudziwa. Anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. A Zipi anayankha kuti adzamuuza kuzizira kukatha, asangalale kaye.

Nsungwi ataona chikwamacho patebulo sanachitsegule msanga. Atatulutsa jekete anainunkhiza, anasisita kambuzi ndi chala chimodzi, anaivala, anaivulanso poopa kuidetsa. Kenaka chimwemwe chija chinazima pankhope, n'kuyang'ana amayi ake.

“Amayi, ndalama mwazitenga kuti?”

Yankho loona linali pafupi, ndipo bambo ake anali pampando kulidikira. Koma nkhope ya mwanayo inali ndi chinthu chimene a Zipi anali asanachione kwa zaka ziwiri, ndipo sanafune kuti chichoke.

“Usafunse zimenezo iwe. Ingodziwa kuti ndamanga lamba.”

Kusoka kambuzi kunali chikondi, ndipo pa chimenecho chokha a Zipi sadziimba mlandu waukulu. Pamene analakwa kwenikweni, ndipo iwo eni amavomera, ndi pamene anazindikira kuti bodza lija lili ndi ntchito ina. Tsiku lina Nsungwi anasiya mbale zosatsuka, a Zipi atafika otopa, mawu anangotuluka okha: munthu wovala lendi ya mwezi ndi theka sangatsuke mbale? Mwana anadzuka msangamsanga kukatsuka. Zinali zosavuta kwambiri. Patapita masabata awiri, atabweretsa masamu olephera, jekete inatchulidwanso. Atapempha ndalama ya ulendo wa kalasi yawo wokaona fakitale, a Zipi analibedi ndalamayo, koma m'malo monena kuti palibe, anafunsa ngati akufuna kuti adye jekete mwezi uno. Anali atapeza chikwapu chosasiya chipsera, ndipo anachigwiritsa ntchito.

Nsungwi anasintha. Anasiya kupempha chilichonse, ngakhale cholembera. Kenaka Lolemba lina anasiya ndalama ya basi patebulo, n'kunena kuti kuyambira tsopano aziyenda pansi, akuti pali anzake amene amayenda nawo ndipo amacheza bwino m'njira. Kusukulu kwawo kunali ulendo wa ola lathunthu kupita, ola lathunthu kubwera. A Zipi ankadziwa kuti kulibe mnzake aliyense wa mumsewu mwawo amene ankayenda pansi. Ankaona fumbi m'miyendo mwake madzulo, ankaona akugona pa buku asanamalize homuweki, ankaona tsiku la mvula akufika atanyowa yense koma jekete ili youma m'jumbo. Chikumbumtima chinkawaluma. Koma tinene zoona zonse, poti iwo eni sabisa: ndalama ya basi ija inkathandiza m'nyumba, ndipo m'mawa uliwonse ankaitola patebulo, mtima ukuwawa, n'kuiika m'kachikwama.

Kuzizira kunatha, osamuuza. Amuna awo anawakumbutsa kawiri, kachitatu anangoti zengerezu adalinda kwaukwau, n'kusiya nkhaniyo m'manja mwawo. A Zipi anayeserapo ndithu. Loweruka lina anatuluka panja atakonzeka, mawu atawayala kale m'mutu, n'kumupeza Nsungwi atagwada pa beseni akuchapa jeketeyo yokhayokha, pozungulira kambuzi akupaka sopo ndi mswachi wakale kuti ulusi usathothoke. Mwana anadzutsa mutu n'kuwamwetulira. A Zipi anafunsa ngati waona sizasi yawo, n'kubwerera m'nyumba.

Bodza likakhalitsa limafuna kudyetsedwa. Mayi wogulitsa magalasi a dzuwa pafupi ndi khonde lawo anawadandaulira kuti awaika m'mavuto, chifukwa mwana wa mayiyo tsopano akuti ngati telala wa pakhonde wakwanitsa, iwo akulephera chiyani. A Zipi anayankha kuti kulera ndi kudzimana. Ananena zimenezo ndi nkhope yowongoka, zipi ya munthu ili m'manja.

Chiyembekezo chawo chinali pa kukula kwa mwana. Nsungwi sanasiye kutalika, ndipo kuzizira kwa chaka chotsatira kusanafike, manja a jekete anali atathawa pamkono, akuthera pamwamba pa wotchi. A Zipi ataona zimenezo anapumira m'mwamba. Anaganiza kuti jekete ipita pansi pa sutikesi, bodza lipita nayo, ndipo tsiku lina mwana akadzakhala ndi ana ake adzamuuza akuseka. Sanadziwe kuti ana a masiku ano chovala cha dzina sachitaya chikawachepera, amachigulitsa. Mkulu wake wa mnzake wina wa Nsungwi ankachita malonda amenewo pafoni, kugula zovalidwa pang'ono n'kugulitsa kwa ena. Nsungwi anapangana naye mwakachetechete. Nsapato zake za sukulu zinali zitatha chifukwa choyenda pansi, ndipo anafuna kugula yekha zina kuti amayi ake asamangenso lamba.

Lachinayi masana, a Zipi akuika zipi m'chikwama cha munthu, anaona mthunzi wautali pa makina. Nsungwi anali ataima patsogolo pawo, yunifolomu ili m'thupi, jekete ili m'manja, maso ali ofiira koma ouma.

“Amayi, anakuberani.”

A Zipi anachotsa phazi pa makina. Mwana anafotokoza mwadongosolo, ngati akuyankha funso la mayeso. Wogula uja anabwera pageti la sukulu, anzake ali pompo. Sanayang'ane n'komwe kambuzi, anangogwira zipi. Akuti yeniyeni imakhala ndi zipi yapulasitiki, ndipo pa kogwirira kake pamakhala kambuzi kena kakang'ono kodinda. Iyi inali yachitsulo. Anaikweza m'mwamba kuti onse aone, n'kunena kuti ndi feki, feki yapamwamba koma feki ndithu. Ena anaseka, wina anajambula pafoni.

A Zipi anadikira kuti mwana alire chifukwa cha kusekedwa, ndipo akanalira, mwina akanamukumbatira n'kuulula zonse momwemo. Koma Nsungwi sankadzilirira yekha.

“Zoseka zawozo ndilibe nazo ntchito. Chikundiwawa n'choti inu munavutika, munadzimana, munthu n'kukupatsani chinthu chabodza chifukwa chokuonani kuti ndinu a pakhonde. Ndipo mumawasokera mabuluku awo. Tiyeni tipite.”

A Zipi anayamba kufunafuna pothawira. Anati papita chaka, palibe wamalonda amene angavomere katundu wovalidwa chaka. Anati chikwama cha munthuchi mwini wake abwera posachedwa. Anati zinthu zotere amapita ndi bambo, adikire Loweruka. Nsungwi anamvetsera zonse mwaulemu, n'kunena kuti ngati amayi atanganidwa, apita yekha. Anatembenuka n'kuyamba kuyenda. A Zipi anaphimba makina ndi nsalu, kupempha mayi wa magalasi kuti awayang'anire, n'kumutsatira.

Kuchokera pakhonde kukafika pakona panali masitolo asanu ndi awiri. A Zipi anauyenda msewu umenewo zaka makumi awiri, koma tsiku limenelo unafupika. Podutsa pa malo ometera anati amuuza akafika pa famase. Pa famase panali anthu ambiri. Pa sitolo ya mafoni anatsegula pakamwa, koma Nsungwi anatembenuka n'kuwagwira dzanja, akuti asaope, alankhula ndi iye. Mwana amene anasiya kuyenda nawo limodzi mumsewu zaka zitatu zapitazo anali atawagwira dzanja pagulu, mutu uli m'mwamba, kupita kukawamenyera nkhondo. A Zipi anadziwa kuti akangolankhula, dzanja limenelo lichoka. Anaopa zimenezo kuposa manyazi, kuposa kutaya ntchito ya mabuluku. Anafika pakhomo la sitolo asanaulule.

M'sitolo munali makasitomala atatu ndi mtsikana wothandiza kugulitsa. A Sitichotsera anali kuseri kwa kauntala, magalasi ali pansonga ya mphuno. Nsungwi anapereka moni, anaika jekete pakauntala, n'kulankhula mawu omveka m'sitolo monse. Anati amayi ake ndi awa, amawadziwa, anagula jekete iyi muno chaka chatha pa mtengo wathunthu, m'chikwama cha sitolo ino, ndipo lero zadziwika kuti ndi yabodza. Anati sakufuna mkangano, akungofuna kuti amayi ake abwezeredwe thukuta lawo. Makasitomala aja anasiya kusankha zovala. Mmodzi anabwezera pa shelefu malaya amene anali atanyamula.

A Sitichotsera sanakwiye, ngakhale dzina la sitolo yawo linali likudetsedwa pamaso pa ogula. Ananyamula jekete, kuitembenuza, kuyang'ana kuseri kwa kambuzi. Kenaka anayendetsa chala chachikulu m'mbali mwa zipi kuchokera pansi mpaka pakhosi, pang'onopang'ono. Munthu ameneyu anali atalandira mazana a mabuluku kuchokera pakhonde paja, ndipo dzanja la a Zipi ankalidziwa monga momwe munthu amadziwira kalembedwe ka m'bale wake. Anawayang'ana pamwamba pa magalasi. A Zipi anayang'ana matailosi.

“Zipi iyi sinaikidwe kufakitale,” anatero a Sitichotsera. “Kufakitale kulibe munthu wodekha chonchi.”

Anayang'ana mwana, n'kuyang'ananso mayi.

“Mayi, kapena munagula kwa wantchito uja ndinamuchotsa chaka chatha? Ankalowetsa katundu wake muno ine ndikachokapo.”

Panalibe wantchito wotero, ndipo a Zipi ankadziwa. Munthu amene sanachotserepo aliyense chiyambire malonda ake anali akuwachotsera, pamaso pa makasitomala, podetsa sitolo yake yomwe. Chimene chinatsala ndi kugwedeza mutu basi. Nkhani ikanathera pa munthu wopanda nkhope, jekete ikanaiwalika, ndipo akanatuluka m'sitolomo dzanja la mwana lili m'dzanja lawo. Khosi lawo linali litayamba kale kuwerama. Koma Nsungwi anali atasendera pafupi ndi kauntala, akufunsa kuti wantchitoyo amakhala kuti, dzina lake ndani, kupolisi angathe kupita liti. A Zipi anaona msewu wina ukutseguka, wautali kuposa uja wa masitolo asanu ndi awiri, ndipo mwana wawo akuuyendanso pansi.

“Ayi, bambo. Musadzinamizire chifukwa cha ine.” Mawu awo anatuluka ang'onoang'ono. Anatembenukira kwa mwana. “Sindinagule muno. Ndinasoka ndine. Kambuzi ndinakachotsa pa kajekete ka kaunjika, jekete ndi ya kumsika, zipi ndi ya m'chitini mwanga. Chikwama chija ndi cha mabuluku.”

Nsungwi anayang'ana jekete ili chotembenuza pakauntala, anayang'ana msoko wa zipi uja nthawi yaitali. Anakulira pansi pa makina a amayi ake, ndipo tsopano poti wauzidwa, msokowo anauzindikira. A Zipi anadikira kukalipa, kapena misozi, kapena mawu oti mwandichititsa manyazi. Zonsezo anali okonzeka kuzilandira. Mwana anafunsa motsitsa mawu, osati mwaukali, koma ngati munthu amene akufunadi kudziwa.

“Ndiye ine ndinkayenderanji pansi chaka chonse?”

A Zipi ali ndi pakamwa posachedwa kuyankha, msewu wonse ungachitire umboni, koma funso limenelo sanaliyankhe tsiku lija ndipo sanalipezerebe yankho. Nsungwi sanalibwereze. Anaitembenuza jekete, kuipinda bwinobwino, n'kupepesa kwa a Sitichotsera ndi kwa makasitomala onse atatu mmodzimmodzi, ngati wolakwa anali iye. Panja anawadikira amayi ake, pakuti ulemu sunamuchoke. Anabwerera limodzi mpaka pakhonde, mwana patsogolo, mayi pambuyo, manja a mwanayo atagwira jekete onse awiri.

A Zipi akadali pakhonde la sitolo ya penti, ndipo a Sitichotsera sanasiye kutumiza mabuluku. Nkhani ija sanaitchulepo, n'chifukwa chake a Zipi amavutika kuwayang'ana m'maso. Kunyumba anapepesa, osati kamodzi, ndipo Nsungwi anati wamva, zatha. Anayambanso kukwera basi. Amatsuka mbale, amaseka nthabwala za bambo ake, amawafunsa amayi ake mmene aswerera. Mlendo atalowa m'nyumbamo sangaone kuti pali chinang'ambika.

Mwezi wotsatira a Zipi anakana kugula mazipi atsopano, anagwira ntchito ndi Lamlungu lomwe, n'kumugulira mwana nsapato za sukulu m'sitolo yeniyeni. Zinali zakuda, zolimba, zopanda kanyama kalikonse. Wogulitsa anaponya lisiti m'bokosi momwemo, iwo osaganizako kanthu. Madzulo anaika bokosilo patebulo n'kunena kuti zakwera mtengo koopsa chaka chino, zimene zinali zoona. Nsungwi analandira ndi manja awiri n'kuthokoza. Atatsegula anaona kapepalako, anakatambasula, anawerenga dzina la sitolo, tsiku ndi mtengo, amayi ake ali chiimire pambali pake. Atamaliza kuwerenga m'pamene anayesa nsapato.